Ndalama za ku Joni zikamayenda pa foni, sungani umboni motere

Ku Ntaja, ku Nsanama, ku Ulongwe ngakhale pa Liwonde, nyumba zambiri zamalata zikumangidwa ndi ndalama za abale amene ali ku Joni. Mwini ndalama amatumiza pa Mukuru, wakumudzi n'kulandira, kenaka n'kupereka kwa mmisiri kapena mwini puloti pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Pangano lonse limathera pa WhatsApp. Tsiku lobwera kumudzi, munthu amapeza maziko okhaokha, mwinanso puloti ili m'dzina la alamu ake. Nkhani ikafika pabwalo, amfumu kapena a khoti amafuna umboni.

Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limalola kuti uthenga wa pa foni ukhale umboni m'khoti. Koma woweruza amafuna kukhutira kuti uthengawo unachokeradi kwa munthu amene mukumunenayo, ndiponso kuti palibe anausintha. Ntchito imeneyo ndi yanu, ndipo imayamba ndalama zisanachoke m'manja.

Choyamba, nenani ntchito ya ndalama iliyonse. Apa ndi pamene mabanja ambiri amadanirana, chifukwa wotumiza amati inali ya simenti, wolandira amati inali ya ndiwo. Lembani momveka: "Achimwene, iyi ndi ya simenti ya nyumba yanga, si ngongole, si mphatso." Tchulani kuchuluka kwake ndi tsiku, ndipo wolandirayo ayankhe kuti walandira. Ngati ndi mayi kapena amalume amene kulemba kumawavuta, ajambule mawu, adzitchule dzina, atchulenso ndalamayo ndi ntchito yake. Ena amaona ngati kuchita zimenezi n'kukayikira m'bale. Ine ndimaona kuti kumateteza wolandirayo kwambiri, chifukwa mawa palibe angamunamizire kuti anadya ndalama.

Chachiwiri, tumizani pa nambala yolembetsedwa m'dzina la munthu amene mwapangana naye. Kuyambira 2018 bungwe la MACRA limafuna kuti SIM iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso. Mukatumiza pa nambala ya mnansi kapena ya mwana wa sukulu, wolandirayo akhoza kudzakana, ndipo mabuku a kampani ya foni adzaonetsa dzina lina.

Chachitatu, musafufute. Uthenga wotsimikiza kuti ndalama yapita uli ndi nambala yake. Ikopereni m'kope pamodzi ndi tsiku. Zimitsani makina a WhatsApp ofufuta okha mauthenga pakapita masiku. Jambulani zokambirana zanu moti nambala ya foni ndi tsiku zizioneka, n'kutumiza kwa munthu wina wodalirika, poti foni imabedwa, imagwera m'madzi, imagulitsidwa. Mkangano ukangoyamba, foni imene muli mauthengawo isungeni momwe iliri.

Chachinayi, nkhani ya malo musaimalizire pa foni. Chithunzi cha puloti sichinena mwini wake. Madera ambiri a Machinga ndi Balaka amatsata chikamwini, ndipo malo amakhala a mbumba. Mwamuna amene akumanga kwa mkazi wake ayenera kudziwiratu kuti nyumbayo idzakhala bwanji banja likadzatha kapena mmodzi akadzamwalira. Tumani munthu akaone malire ndi maso, mwini mbumba avomereze, amfumu adziwe, ndipo pakhale kalata yosainidwa ndi mboni za mbali zonse ziwiri, yokhala ndi dzina lanu, osati la amene mwamutuma. Lamulo la Customary Land Act la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo otsogozedwa ndi a gulupu; kumene komiti yotere ikugwira ntchito, dzerani kumeneko. Ngati puloti ili m'tauni ya Liwonde kapena Balaka, kafunseni ku khonsolo musanalipire.

Zinthu zikavuta, thamangani. Ngati ndalama yapita pa nambala yolakwika kapena mwaberedwa ndi akathyali, imbirani kampani ya foniyo nthawi yomweyo, kenaka kanenani ku polisi. Ngati ndi m'bale, yambirani kwa akuluakulu a banja ndi amfumu. Zikakanika, khoti la majisitireti lilipo ku Liwonde ndi ku Balaka, ndipo bungwe la Legal Aid Bureau limathandiza amene sangathe kulipira loya.

Chimodzi chokha musachite, ngakhale mtima utapsa bwanji: kuika chithunzi cha munthuyo pa Facebook kapena m'gulu la WhatsApp la kumudzi n'kumutcha wakuba. Lamulo lomwe lija la 2016 limaletsa kuzunza, kuopseza ndi kuvutitsa munthu pa foni kapena pa intaneti, ndipo anthu amamangidwa nalo. Mukatero, inu wodandaula ndi amene mungapezeke mukuyankha mlandu. Umboni wanu kauperekeni pabwalo.