Mafunso ndi Mayankho: Zakudya za Mahatchi ndi Abulu, ndi Mpweya wa Methane

WOWULUTSA: Nthawi ya ziweto yakwana, ndipo adokotala athu akhala kale pampando. Makalata a sabata ino akukamba za mahatchi ndi abulu. Yoyamba yachokera ku Kyalami, kufupi ndi Johannesburg. Mnyamata wa kwathu konkuno amene amasamalira mahatchi kumeneko akuti: “Abwana anga amandiletsa kupatsa hatchi chakudya cha m'thumba chambiri nthawi imodzi. Amati ndizigawa katatu pa tsiku, koma udzu wouma usamasowe m'khola. Kwathu ng'ombe timanenepetsa ndi madeya. Kodi kumeneku si kuumira chabe?”

DOKOTALA: Zikomo achimwene kumeneko. Abwana anuwo sakuumira, chiweto chawo akuchidziwa. Inu hatchi mwaiyesa ng'ombe, pamene m'mimba mwake ndi mosiyana kwambiri. Ng'ombe ili ndi chifu cha zigawo zinayi, ndipo chigawo chachikulucho chimatha kulowa malita oposa 100. Udzu ukafika mmenemo, tizilombo tosaoneka ndi maso timausasitsa, ng'ombe n'kumabzikula. Hatchi sibzikula. Chifu chake n'chimodzi, cha malita 8 mpaka 15 basi, ngakhale nyamayo ikulemera makilogalamu 500. Tizilombo take timakhala kumapeto, m'matumbo akuluakulu, ndipo ntchito yosasitsa udzu imachitikira kumeneko.

Tsono chimanga, oats kapena chakudya cha m'thumba chili ndi sitalichi wambiri. Wochepa amagayika bwino m'matumbo ang'onoang'ono. Akachuluka, wotsalayo amadutsa n'kukagwera kwa tizilombo tija, ndipo kumeneko amawira mofulumira ngati mowa wamasese umene wathiridwa shuga wopyola muyeso. Asidi amachuluka, tizilombo togaya udzu timafa, mimba imatupa. Muona hatchi ikugudubuzika pansi, ikumenya mimba ndi mwendo. Nthawi zina poizoni wake amakafika ku ziboda, zimatentha, nyama n'kumakana kuponda. Ndipo kumbukirani kuti hatchi sisanza. Cholowa chalowa.

Muyeso wake ndi uwu. Pa tsiku hatchi imadya chakudya chouma cholemera pafupifupi magawo awiri pa 100 alionse a thupi lake. Ya makilogalamu 500 ndiye kuti makilogalamu 10, ndipo mwa amenewa osachepera 7 ndi theka akhale udzu. Chakudya cha m'thumba chisapitirire makilogalamu awiri pa kudya kumodzi. Hatchi yaikulu yosagwira ntchito yolemetsa imangofuna zomanga thupi zokwana 8 mpaka 10 pa 100 alionse a chakudya, ndipo udzu wabwino wodulidwa usanakhwimitse umayandikira pamenepo. Lucerne amene mumamuona kumenekoyo ali ndi 15 mpaka 20, n'chifukwa chake amaperekedwa makamaka kwa zoyamwitsa ndi zimene zikukula. Chinanso, chifu cha hatchi chimatulutsa asidi usana ndi usiku, kaya muli chakudya kaya mulibe. Ikakhala kudambo imadya maola 14 kapena 16 pa tsiku. Mukaisiya ndi njala nthawi yaitali, asidiyo amayambitsa zilonda zam'mimba. Udzu uja abwana akuti usamasowe ndi mankhwala.

WOWULUTSA: Tibwerere kumudzi. Bambo wina wa ku Dedza ali ndi abulu awiri okoka ngolo. Akuti amawapatsa madeya ndi mapesi, ndipo chaka chino ali ndi chimanga chimene chinachita chuku m'nkhokwe. “Poti anthu sitingadye,” akutero, “ndingapatse abuluwa kuti chisapite pachabe?”

DOKOTALA: Bambo, chonde musayerekeze. Pa ziweto zonse, hatchi ndi bulu ndiwo amafa msanga ndi chimanga chachuku. Chuku china cha m'chimanga, cha mtundu wa Fusarium, chimapanga poizoni wotchedwa fumonisin amene amawononga ubongo. Bulu amayamba kudzandira, kuyenda mozungulira, kukankha mutu pakhoma, kenako kugwa, ndipo zikafika apo palibe jakisoni wobweza. Chimangacho chikwirireni.

Za madeyazo ndinene pang'ono, chifukwa anthu ambiri amawakhulupirira mopitirira. Madeya ali ndi mphamvu, inde, koma ali ndi fosiforasi wambiri ndi kashiamu wochepa, pamene thupi limafuna kashiamu wochuluka kamodzi ndi theka kapena kawiri kuposa fosiforasi. Nyama ikadya madeya okhaokha miyezi yambiri, thupi limayamba kuchotsa kashiamu m'mafupa. Mafupa a kumaso amatupa, miyendo imatsimphina mosinthana. Udzu wina monga kikuyu ndi setaria umachitanso zomwezo chifukwa umamanga kashiamu kuti asalowe m'magazi. Udzu wa Rhodes ulibe vuto lalikulu limeneli.

Mwayi wanu ndi woti bulu safuna zambiri. Iye amagaya udzu wouma bwino kuposa hatchi, choncho mapesi oyera, osanyowa, ndi chakudya ndithu. Onjezerani masangwi a mtedza oumitsidwa bwino, amene ali ndi zomanga thupi ndi kashiamu yemwe, madeya pang'ono pa masiku a ntchito, mchere wonyambita, ndi madzi oyera. Bulu amakana madzi akuda ngakhale ali ndi ludzu. Ndipo chakudya cha nkhuku kapena cha ng'ombe chogula m'sitolo musamupatse. China amathiramo mankhwala otchedwa monensin, amene nkhuku imapirira koma amawononga mtima wa hatchi ndi bulu.

WOWULUTSA: Kalata yachitatu ndi ya mtsikana wa Fomu 3 ku Zomba. Akuti m'kalasi aphunzira kuti ng'ombe zimatulutsa mpweya wa methane umene umatenthetsa dziko. Iye amaona mahatchi okweredwa ndi alendo paphiri la Zomba, ndiye akufunsa ngati nawonso ali ndi mlandu womwewo.

DOKOTALA: Funso lanzeru, mwanangu. Mlandu ali nawo, koma wochepa. Paliponse pamene udzu ukusasa popanda mpweya wa okosijeni pamatuluka haidrojeni, ndipo pali tizilombo tina timene timamusandutsa methane. M'chifu cha ng'ombe tizilomboti tilimo tambirimbiri, ndipo ng'ombe imatulutsa mpweyawo pogeya. Ambiri amaganiza kuti umatulukira kumbuyo, koma wochuluka umatulukira kukamwa. Kwa hatchi ndi kumene umatulukira kumbuyo kwenikweni, chifukwa kusasako kumachitikira kumapeto.

Bungwe la IPCC, limene limaunika za kusintha kwa nyengo pansi pa United Nations, linaika ziwerengero m'malangizo ake a 2006 zoti maiko azigwiritsa ntchito powerengera. Hatchi imodzi, makilogalamu 18 a methane pa chaka. Bulu, 10. Mbuzi, 5. Ng'ombe wamba ya mu Africa, 31. Ya mkaka ya mu Africa, 46, ndipo ya mkaka ya kumadzulo kwa Ulaya, 117. Taona, hatchi imene anawerengerayo ndi ya makilogalamu 550, yolemera kuposa ng'ombe zathu zamalinunda, komabe mpweya wake ndi wochepa.

Zifukwa zake zilipo zingapo. Shuga, sitalichi ndi zomanga thupi zambiri hatchi imayamwiratu m'matumbo ang'onoang'ono tizilombo tisanazikhudze. Chakudya chimadutsanso mofulumira kuposa mwa ng'ombe, n'chifukwa chake m'ndowe zake mumaoneka timapesi ta udzu. Komanso m'matumbo ake muli mabakiteriya ena amene amalanda haidrojeni uja n'kupanga asidi amene hatchiyo imagwiritsa ntchito ngati mphamvu. Mapeto ake, ng'ombe imataya pafupifupi 6 ndi theka pa 100 alionse a mphamvu ya chakudya chake ngati methane, hatchi imataya pafupifupi theka la pamenepo kapena kucheperapo.

WOWULUTSA: Ndikudulani mawu adokotala. Ngati methane amachokera ku udzu, bwanji osangochepetsa udzuwo n'kuchulutsa chimanga?

DOKOTALA: Mukatero methane angatsikedi pang'ono, koma mukwirira hatchi. Yankho ndapereka kale kwa achimwene a ku Kyalami aja. Ine sindingalangize munthu kudwalitsa chiweto pofuna kupulumutsa makilogalamu awiri kapena atatu a mpweya pa chaka. Methane ndi woopsa, sindikukana. Pa zaka 100, kilogalamu imodzi imatenthetsa dziko ngati makilogalamu 28 a carbon dioxide, ngakhale kuti amatha mumlengalenga pakapita zaka pafupifupi 12. Koma mahatchi ndi abulu kwathu kuno ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ng'ombe ndi mbuzi. Chimene mwini angachite popanda kuvulaza nyama n'kudula udzu usanakhwimitse kuti uzigayika bwino, ndi kusamala ndowe.

WOWULUTSA: Mwatifikitsa pa kalata yomaliza. Mayi wina wolima masamba ku Lilongwe amatenga ndowe kukhola la mahatchi la pafupi ndi kwawo. Amaziunjika m'dzenje n'kuthira madzi ambiri kuti ziwole msanga. Akuti dzenjelo likununkha, likutuluka thovu, ndipo pamene anathira manyowawo pamera udzu wambiri.

DOKOTALA: Mayi, thovu limenelo ndi methane amene tikukambayu. Ndowe zikamira m'madzi mpweya sulowa, ndipo tizilombo tija timayambanso ntchito. Ndowe zogwera padambo n'kuuma ndi dzuwa zimatulutsa wochepa kwambiri. Ziwerengero za IPCC zija zimaika ndowe za hatchi imodzi m'maiko otentha ngati athu pa makilogalamu pafupifupi awiri a methane pa chaka, koma dzenje lamadzi limakweza chiwerengerocho. Ndipo hatchi yaikulu imachita ndowe zokwana makilogalamu 15 mpaka 20 tsiku lililonse, choncho khola la mahatchi khumi mulu wake sukhala wamasewera.

Tulutsani ndowezo m'dzenje. Umbani mulu pamtunda, wotalika kufika m'chiuno, posanjikiza ndowe ndi udzu wouma kapena mapesi oduladula. Madzi akhale oti mukafinya m'manja pangotuluka dontho limodzi kapena awiri. Tembenuzani sabata iliyonse kapena ziwiri zilizonse, ndipo nthawi ya dzinja fundikani pamwamba kuti mvula isalowe. Mulu wotere umatentha mkati kufika madigiri 55 mpaka 65, ndipo kutentha kumeneko kumapha njere za udzu zimene hatchi inatulutsa zamoyo, pamodzi ndi mazira a njoka zam'mimba. Ngati kukholako amayala utuchi wa matabwa, dikirani nthawi yaitaliko, chifukwa utuchi wosawola umalanda chonde m'nthaka, masamba n'kuchita chikasu.

Ena adzafunsa za bayogasi. Zimatheka, chifukwa mpweya wophikirawo theka kapena kuposerapo ndi methane yemweyu, ndipo kumuwotcha pachitofu kuli bwino kuposa kumutayira kumwamba. Koma ndowe za hatchi zili ndi timapesi tambiri timene timayandama n'kuuma pamwamba m'thanki, choncho zimayenda bwino zikasakanizidwa ndi za ng'ombe kapena nkhumba.

Chomaliza, mayi, m'ndowe za hatchi mumapezeka kachilombo koyambitsa kafumbata. Musazigwire ndi dzanja la bala, valani nsapato, ndipo mukabayidwa ndi chitsulo pamulupo thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

WOWULUTSA: Nthawi yatithera. Omvera, hatchi kapena bulu wanu akasiya kudya kapena akayamba kugudubuzika, musadikire pulogalamu ya sabata yamawa, itanani alangizi a ziweto a m'dera lanu. Mafunso ena pitirizani kutilembera.