Azakhali akuyankha: Batire sachotsa injini ikulira

Azakhali, ndimayendetsa thirakitala yotuta masamba a tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Ya mnzanga itakana kulira, ndinazula batire yanga injini ikulira kuti ndimuthandize. Pano alternator yapsa ndipo tulo sindikuliona. Nditani?

Mwana wanga, mtima wabwino uli nawo, koma nzeru tsiku limenelo unazisiya kunyumba. Safunsa adadya phula! Ndikudziwa amene anakunamiza: anyamata aja a pansi pa mtengo ku Luchenza, omwe amati dizilo ikalira batire ilibenso ntchito.

Tamvera. Injini ikamalira, alternator imakankhira magetsi a ma volt pafupifupi 14 mu batire ya ma volt 12, batireyo n'kumawameza. Zili ngati kukokana chingwe: mnzako akachitaya mwadzidzidzi, umagwa chagada. Batire ikachoka, magetsi aja amasowa kolowera, amatha kudumpha mpaka kupitirira ma volt 100 m'kuphethira kwa diso, ndipo ma diode a mkati mwa alternator amapsa. Alamu ako a maboti a injini ku Mangochi amalira maliro omwewa akatembenuza switchi yaikulu ya batire injini ikulira, ali pakati pa nyanja. Iwo kulibe n'kokankha komwe.

Za kiyi nazo usamale. Dizilo zakalezi sizizima ndi kiyi, zimafuna ukoke kaye chozimitsira chija chodula mafuta. Ukayamba ndi kiyi, injini imangolirabe koma nyali zochenjeza zafa, oilo ataphwa sungadziwe. Choncho koka chozimitsira, injini ikhale chete, kenaka kiyi, batire pamapeto. Mnzako akadzavutikanso, mulumikizire mawaya a jampa batire ili pamalo pake.

Tsono pukuta misozi. Kawirikawiri makaniko wa zamagetsi amangosintha ma diode ndi regulator, osati alternator yonse. Chimene chingakudyetse ntchito ndi bodza. Nyengo ya mvula ino tiyi akuphuka ngati wopenga, masamba akachedwa kufika ku fakitale amatentha n'kuwonongeka, ndipo amayi amene athyola kuyambira mbandakucha adzaloza iwe. Ukabisa, thirakitala idzakukanira kulira m'munda batire itatha, ngolo ili yodzaza.

Mawa lawirira kwa akapitawo, chipewa m'manja, ufotokoze zonse mmene zinayendera. Akakukalipira, meza mate. Ndipo mnzako uja apite nawe, asangodya zabwino zokha.