Mau Otchuka a Chilembwe: Adachokera Kuti?

Mau a munthu wotchuka amayenda ulendo wautali kupambana mwini wake. Ana a sukulu amawaloweza pamtima, akuluakulu nawatchula pa misonkhano, koma ndi owerengeka amene amafunsa kuti mauwo adawalemba ndani. Mbiri ya John Chilembwe wa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, ionetsa poyera kuti funso limeneli ndi lofunika.

Mau a Chilembwe ali a mitundu iwiri. Oyamba ndi ochoka m'dzanja lake. Mu November 1914, nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani itaphetsa anthu ku Karonga, iye adalemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times. M'kalatamo adadandaula kuti anthu akuda osauka alikutengedwa kukafera nkhondo ya eni ake, nasiya akazi ndi ana paumasiye, pamene pa nthawi ya mtendere sawerengedwa kanthu. Boma lidaletsa kalatayo, komabe mau ake adasungika mpaka lero.

Achiwiri ndi aja akuti adauza anthu ake asanaukire Azungu pa 23 January 1915, kuti amenye kamodzi kokha ndi kufa. Mau amenewa adawalemba George Simeon Mwase, amene sadali nawo pa msonkhanowo. Mwase adawamva m'ndende ya ku Zomba kwa Wallace Kampingo, mmodzi wa otsata Chilembwe, nalemba nkhani yake cha mu 1932. Buku lake lidasindikizidwa mu 1967 ndi dzina lakuti Strike a Blow and Die. Tsono pakati pa kulankhula ndi kulemba padapita zaka ngati 17, ndipo Chilembwe adali atafa kale pa 3 February 1915.

Kunena izi si kumuyesa Mwase wabodza ayi, pakuti iye adasunga zambiri zimene zikadatayika. Koma makolo adachenjeza kuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Mwase adafanizira Chilembwe ndi John Brown wa ku America, amene adanyongedwa mu 1859 polimbana ndi ukapolo, ndipo wolemba amene ali ndi fanizo lotere mumtima angathe kukometsa mau kuti agwirizane nalo. Apa pagona mlandu waukulu: ngati mauwo ndi a Chilembwe ndithu, ndiye kuti adadzipereka ngati nsembe, ngati si ake, kapena adayembekeza kupambana nkhondoyo. Akatswiri a mbiri yakale atsutsana pa mfundo imeneyi.

Chifukwa chake mphunzitsi kapena wophunzira, asanatchule mau a munthu aliyense, ayambe wadzifunsa mafunso atatu. Kodi mwini wake adawalemba yekha? Ngati sadalembe, adawamva ndani? Nanga adalembedwa patapita zaka zingati? Akufa sangathe kudziyankhira. Kuwaika m'kamwa mau osawadziwa bwino ndiko kuwachitira umboni wonama.