Kompyuta Yayaka Koma Sikirini Ili Bii

Pa Mponela makompyuta salinso achilendo. Obena nyimbo ndi mafilimu ali nawo. Otayipa makalata ali nawo. M'maholo a misonkhano m'mbali mwa msewu wa M1, laputopu ndi pulojekita sizisowa. Ena amalumikiza masikirini awiri pa kompyuta imodzi: wobena akuyang'ana pa sikirini yake, kasitomala akusankha nyimbo pa inayo.

Vuto limabwera m'mawa. Mwadina batani, kompyuta ikulira bwinobwino, kanyali kayaka, koma sikirini ili bii. Mtima umagunda, poti makasitomala aima pakhomo. Ena amanyamula bokosi lonse la kompyuta pa kabaza kupita nalo kwa okonza. Musafulumire. Nthawi zambiri kompyutayo siinafe. Chithunzi chilipo, koma sichikufika pamene mukuyang'anapo.

Chithunzi sichipangidwa mu sikirini. Chimapangidwa m'bokosi la kompyuta, n'kuyenda m'chingwe kukafika pa sikirini. Masikirini akakhala awiri, njira zimakhalanso ziwiri. Pamene kompyuta ikuyaka, Windows isanatseguke, kawirikawiri imasankha njira imodzi yokha. Zili ngati kudikira mlendo pa msewu wa ku Kasungu pamene iye wakhotera wa ku Ntchisi. Choncho yatsani masikirini onse awiri musanayatse kompyuta, ndipo muyang'ane onse. Momwe kompyuta imasankhira njira zimadalira mmene inapangidwira mkatimo. Ife chathu n'kudziwa kuti imasankha.

Kenako onani kanyali ka pansi pa sikirini. Ngati sikakuyaka n'komwe, mwina magetsi sakufika. Onani soketi ndi chingwe cha magetsi. Ngati kayaka kofiirira ngati lalanje, sikirini ili moyo koma ikudikira chithunzi. Mwina ilemba mawu akuti No Signal. Mawu amenewa akaoneka, dziwani kuti sikirini yanu ndi yabwino. Nthawi zambiri vuto limakhala pa njira.

Tsopano tifike pa chingwe cha chithunzi, chifukwa apa ndi pamene pagona mavuto ambiri. Zingwe zomwe timaziona kwambiri kuno ndi ziwiri. China ndi HDMI, cha mutu wophwatalala, chomwe chimanyamula chithunzi ndi mawu omwe. China ndi VGA, cha mutu wabuluu wokhala ndi tizomangira tiwiri m'mbali. Ichi chimanyamula chithunzi chokha.

Zulani chingwe cha VGA, muchitembenuze, muyang'ane m'kamwa mwake padzuwa. Muona timano tachitsulo tili m'mizere itatu. Malo a timanoti ndi 15. Ndi toonda kwambiri, tosachedwa kupindika. Munthu akamalowetsa chingwe mumdima, akupapasa kuseri kwa bokosi, amakankha mutu utapendekeka, ndipo dzino limodzi limagona chammbali. Likagona dzino limodzi, chithunzi chimatha kusanduka chofiira, chobiriwira, kapena kuzimiratu. Mutu wa VGA umalowa mbali imodzi yokha, chifukwa mbali ina ndi yotakata kuposa inzake. Ukakana kulowa, musaukakamize. Utembenuzeni. Ukalowa, mangani tizomangira tonse tiwiri ndi zala, osati ndi pulayazi. Anthu ambiri amatisiya osamanga, ndiye wosesa akangokankha tebulo pang'ono, mutu umasololoka. Pozula, gwirani mutu, osakoka chingwe. Dzino lopindika mungaliwongole pang'onopang'ono ndi nsonga ya singano, koma likathyoka chingwecho chatha ntchito. Ngakhale zitatero, kugula chingwe ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi kugula sikirini ina. Ndalama ya fodya kapena ya soya imabwera kamodzi pa chaka, si yotaya pa chinthu chomwe sichinawonongeke.

Onaninso pamene mwalowetsa chingwecho. Mabokosi ena ali ndi malo olowetsa chingwe pawiri, ena kumtunda, ena kumunsi. Akakhala choncho, nthawi zambiri a kumunsi ndi amene amagwira ntchito. Sikirini nayonso ili ndi batani lolembedwa Source kapena Input. Ngati chingwe chanu ndi HDMI koma sikirini ikudikira ku VGA, siionetsa kanthu. Dinani batanilo mpaka ifike pa dzina la chingwe chanu.

Pali vuto lina lomwe limagwera kwambiri a laputopu. Dzulo munali pa msonkhano kapena kutchalitchi, chithunzi munachitumiza ku pulojekita yokha. Lero mwalumikiza sikirini ina yomwe ili yozima, laputopu ikutumizabe chithunzi kunja. Gwirani batani la chizindikiro cha Windows pa kiyibodi, mudine P. Pamabwera zosankha zinayi. Sankhani Duplicate kuti masikirini onse aonetse zofanana. Ngati simukuona kalikonse, zulani chingwe cha sikirini yachiwiri, mutsale ndi imodzi. Chithunzi chimabwerera chokha. Njira imeneyi imathandizanso pa bokosi: zimitsani, siyani sikirini imodzi, yatsaninso. Ikaonetsa, bwezerani inayo. Ikapanda kuonetsa, yesani chingwe cha mnzanu.

Zonsezi zikakanika, mverani bokosi. Likamalira kuti pii, pii mobwerezabwereza, vuto lili mkati. Kawirikawiri ndi kachipangizo kotchedwa RAM, komwe kamasukusika ndi mabampu kapena kudzadza fumbi. Fumbi la pa Mponela m'mwezi wa Okutobala mukulidziwa. Muzifunditsa kompyuta ndi nsalu mukaweruka, koma muzichotsa nsaluyo poyatsa kuti isatenthe. Za mkatimo asiyireni odziwa. Makamaka sikirini musaitsegule, chifukwa zina zimasungabe moto ngakhale mutazula ku soketi, ndipo ungakuvulazeni. Ana asamasewere kuseri kwa tebulo komwe kuli zingwe.

Magetsi akazima, zulani kompyuta ndi masikirini ku soketi. Pobwera, magetsi nthawi zina amadza ndi mphamvu yopitirira 230 volts yomwe zipangizozi zimafuna. Dikirani mphindi zingapo musanalumikizenso.

Mukapita kwa okonza, mukawauze zomwe mwaona: mtundu wa kanyali, mawu omwe sikirini inalemba, ndi zingwe zomwe mwayesa. Mutenge ndi chingwe chanu chomwe kuti akachiyese muli pomwepo. Sabata ino, pemphani mwini kompyuta amene muli naye pafupi akuonetseni mutu wa VGA ndi wa HDMI, muwagwire ndi manja anu, ndipo mulembe mayina awo m'kope lanu.