Maloko Awiri a Rauta: Kuphunzitsa Kalumikizidwe ka Kompyuta ku Wi-Fi

Wophunzira zauphunzitsi akatumizidwa kukayesera ntchito pa sukulu ina yozungulira Chiradzulu Boma, kaya ndi cha ku Namadzi, ku Mbulumbuzi kapena ku Namitambo, kawirikawiri ntchito yoyamba imene amapatsidwa sikhala ya choko ayi. Aphunzitsi aakulu, poona kuti kwabwera wachinyamata wochokera ku koleji, amamuitanira mu ofesi namulozera kompyuta ndi kabokosi kokhala ndi timagetsi tothwanima, kuti azilumikize. Ntchito yolumikizayo ndi ya mphindi zisanu chabe. Koma chimene ife tikufuna kutsindika m'phunziro lino n'chakuti kabokosi kameneka kali ndi maloko awiri, ndipo anthu amakonda kukhoma limodzi lokha, linalo n'kulisiya monga momwe linachokera ku fakitale. Mphunzitsi amene wamvetsa zimenezi akhoza kuthandiza sukulu, akhozanso kuwaphunzitsa ana phunziro lokoma la sayansi ndi masamu pogwiritsa ntchito chipangizo chimodzi chokha.

Kabokosi kaja dzina lake ndi rauta. M'sukulu zambiri za kumidzi rauta imakhala ndi simu khadi ya TNM kapena ya Airtel m'kati mwake, monga momwe ilili lamya ya m'manja. Tsono ulendo wa intaneti uli ndi zigawo ziwiri. Chigawo choyamba ndi chochokera pa nsanja ya kampani kufika pa rauta, ndipo chimenechi ndicho timachilipira pogula bandulo. Chigawo chachiwiri ndi chachifupi, chochokera pa rauta kufika pa kompyuta, ndipo chimenechi ndicho chimatchedwa Wi-Fi. Zonse ziwiri zimayenda pa mafunde a wailesi, koma si chinthu chimodzi. Ana ayenera kuzisiyanitsa kuyambira tsiku loyamba, chifukwa chisokonezo chachikulu chimabadwira pamenepa. Munthu amaona timizere ta Wi-Fi tonse tadzaza pa kompyuta, komabe tsamba osatseguka, iye n'kuyamba kudandaula kuti kompyuta yafa. Chonsecho bandulo ndiyo yatha, kapena nsanja yazima. Timizere tija timangonena kuti kompyuta ikumvana ndi rauta, basi.

Kulumikiza kwenikweniko sitichedwapo. Timayatsa rauta ndi kudikira kuti timagetsi tikhazikike. Pa kompyuta timadina chizindikiro cha netiweki chimene chimakhala m'munsi cha kudzanja lamanja, tisankhe dzina la netiweki yathu pa mndandanda umene watuluka, tidine Connect, kenaka tilembe mawu achinsinsi. Dzina ndi mawu achinsinsi oyambira zimalembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwa rauta. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono zimasiyana, ndipo ziro ndi chilembo cha O zanamiza anthu ambiri. Ngati bandulo ndi yochepa, n'kwanzeru kuuza kompyuta ya Windows kuti netiwekiyi ndi yoyezedwa, posankha pamene palembedwa Metered connection, kuti isamadzikokere yokha zinthu zikuluzikulu aphunzitsi ali m'kalasi.

Tsopano tibwere ku phunziro limene ana amalikonda. Mafunde a Wi-Fi saoneka, ndipo chinthu chosaoneka n'chovuta kuchiphunzitsa ndi pakamwa pokha. Choncho tiwatulutse ana panja. Tiwagawe m'magulu, gulu lililonse likhale ndi pepala limene ajambulapo mapu a sukulu, ndipo mphunzitsi agwire lamya yolumikizidwa ku rauta. Kuyambira pakhomo pa ofesi, tiziyenda mapazi khumikhumi, ana n'kumalemba pa mapu chiwerengero cha timizere totsala. Tipite kuseri kwa chipupa cha njerwa, tilowe m'chipinda cha chitseko chachitsulo, tiime kuseri kwa thanki ya madzi. Ana adzaona okha kuti njerwa zimafooketsa mafunde, kuti chitsulo ndi malata zimawatchinga koposa, ndi kuti madzi amawameza. Wina adzafunsa ngati chiperoni, chifunga chozizira chija chimene chimakuta phiri la Chiradzulu m'miyezi ya Juni ndi Julayi, chimatseka Wi-Fi. Yankho n'lakuti pa mtunda waufupi chotere chifunga sichisintha kanthu kooneka. Kalasi yodzaza ndi ana, amene matupi awo ndi madzi ambiri, ndiyo imafooketsa mafunde koposa chifunga. Ma rauta ambiri a masiku ano amaulutsa pa 2.4 GHz ndi pa 5 GHz. Mafunde oyambawo amafika patali ndipo amapyola zipupa bwino, pamene achiwiriwo ndi aliwiro koma amathera pafupi. Ngati rauta ili ndi onse awiri, ana ayeze onse, ajambule mizere iwiri pa mapu awo.

Phindu lenileni la kuyenda kumeneku limaoneka tikafika ku mpanda. Ana amadabwa kupeza kuti ku msewu, kumene amayi amagulitsa zitumbuwa nthawi yopuma, timizere tiwiri tikadalipo. Apa mpamene mphunzitsi afunse kuti, "Kodi ngati mafunde atuluka kunja kwa mpanda, n'chiyani chingaletse munthu wodutsa kugwiritsa ntchito bandulo ya sukulu yathu?" Asawayankhire. Funsoli ndilo khomo lolowera ku nkhani ya maloko.

Loko loyamba ndi limene aliyense amalidziwa, ndiye mawu achinsinsi a Wi-Fi. Mawu amenewa amagwira ntchito ziwiri: amaletsa mlendo kulowa, komanso amasokoneza uthenga woyenda m'mlengalenga kuti wotchera khutu asaumve. Njira zosokonezera uthengazi zakhala zikusintha. Malamulo oyamba a netiweki zotere, otchedwa 802.11, anatuluka mu 1997, ndipo loko lake linali WEP. Mu 2001 akatswiri atatu, Fluhrer, Mantin ndi Shamir, anaonetsa kufooka kwake, kotero kuti lero WEP imathyoledwa m'mphindi zochepa. Mu 2003 kunabwera WPA, mu 2004 WPA2, ndipo mu 2018 WPA3. Langizo lathu n'lachidule: sankhani WPA3 ngati zipangizo zonse za pa sukulu zikuilola, apo ayi WPA2. Rauta imene ili ndi WEP yokha yakalamba, ipume.

Koma ngakhale loko likhale lolimba chotani, mawu osankhidwa mwaulesi amaligwetsa. Pano masamu alowepo. Funsani ana kuti loko la sutikesi la manambala 3 lingatsekulidwe poyesa kangati. Adzapeza 1,000. La manambala 4 ndi 10,000. La manambala 8, amene ndiwo ochepetsetsa ololedwa pa WPA2, ndi 100,000,000. Chiwerengerochi chimaoneka chachikulu kwa mwana, koma kwa kompyuta yabwino yoyesa mawu ndi ntchito yosafika tsiku. Tikagwiritsa ntchito zilembo zazing'ono 8 m'malo mwa manambala, njira zimapitirira 208 biliyoni, ndipo chilembo chilichonse chimene tawonjezera chimachulukitsa chiwerengerocho ka 26. Ana akachita masamuwa pa bolodi amaona okha kuti mphamvu ili m'kutalika.

Pali mawu ena amene timawakana ngakhale atatalika. Nambala ya lamya ya aphunzitsi aakulu ili ndi manambala 10, koma aliyense amadziwa kuti zambiri zimayamba ndi 088 kapena 099, ndiponso nambalayo yalembedwa pa chikwangwani cha sukulu. Dzina la sukulu lophatikiza ndi chaka nalonso ndi chimodzimodzi. Ndipo m'boma lino, kumene mwana aliyense amadziwa za John Chilembwe, za mishoni ya Providence Industrial ku Mbombwe ndi za kuukira kwa 1915, mawu akuti chilembwe1915 ndi ulemu wabwino kwa ngwazi yathu koma ndi loko loipa zedi. Chimene timalimbikitsa ndi mawu anayi kapena asanu a Chichewa osagwirizana tanthauzo, monga dzina la chipatso, la chida cha kumunda, la mbalame ndi la mtsinje, olekanitsidwa ndi manambala. Mawu otere savuta kukumbukira, ndipo WPA2 imalola zilembo mpaka 63. Ana ayesere kupanga awo m'magulu, koma zoyesererazo zisakhale mawu enieni a sukulu.

Loko lachiwiri ndilo loiwalika. Rauta iliyonse ili ndi tsamba lake la woyang'anira, limene timalifika polemba adiresi monga 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1 pa pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti. Adiresi yeniyeni ili pa kapepala kaja kunsi kwa rauta. Pa tsamba limeneli mpamene munthu amasinthira dzina la netiweki, mawu achinsinsi, ndi kuona zipangizo zonse zolumikizidwa. Tsono ma rauta ambiri, makamaka akale, amachoka ku fakitale dzina lolowera lili admin, mawu achinsinsi alinso admin. Taganizani: sukulu yasankha mawu a Wi-Fi aatali ndi olimba, yapatsa aphunzitsi khumi, mmodzi wa iwo wauza mphwake. Mphwakeyo, ngati ndi wochenjera pang'ono, akhoza kulowa pa tsamba la woyang'anira, kusintha mawu onse, n'kutsekera kunja aphunzitsi aakulu amene. Pa ma rauta ena a simu khadi akhozanso kuwerenga mauthenga obwera pa nambala ya sukulu. Loko loyamba ndi la chitseko cha kalasi. Lachiwirili ndi la kabati yosungiramo makiyi onse. Mawu ake akhale osiyana ndi a Wi-Fi, ndipo awadziwe anthu awiri okha.

Tikadali pa tsamba limeneli, tizime chinthu chotchedwa WPS. Chinapangidwa kuti kulumikiza kuphweke ndi nambala ya manambala 8, koma mu 2011 Stefan Viehböck anaonetsa kuti rauta imayesa nambalayo m'magawo awiri. Gawo loyamba lili ndi njira 10,000, lachiwiri 1,000 zokha chifukwa nambala yomaliza ndi yongotsimikizira zinzake. Choncho m'malo mwa mamiliyoni, wakuba amangoyesa ka 11,000. Chitsanzochi n'chabwino kwa ana okulirapo, pakuti chimaonetsa kusiyana kwa kuphatikiza ndi kuchulukitsa. Tionenso ngati rauta ili ndi mapulogalamu atsopano ofunika kuikamo. Mu 2017 Mathy Vanhoef wa ku Belgium anapeza mng'alu mu WPA2, umene unatchedwa KRACK, ndipo unatsekedwa ndi mapulogalamu atsopano a zipangizo, osati posintha mawu achinsinsi. Za kubisa dzina la netiweki, zimene ena amazitama, ife sitizionera phindu: wodziwa ntchito amalipeza mosavuta, ndipo ovutika ndi aphunzitsi okha.

Alendo nawo alipo. Alangizi a zamaphunziro, a komiti ya sukulu, ngakhale inu ophunzira zauphunzitsi, mudzafuna intaneti. Ngati rauta ili ndi netiweki ya alendo, iyatseni, ikhale ndi mawu akeake. Potero mlendo amafika pa intaneti koma osafika pa kompyuta ya mu ofesi, m'mene muli mayeso a kumapeto kwa teremu, malikisi ndi mayina a ana. Zimenezi n'zofunika kuposa bandulo. Bandulo ikatha timagula ina, koma mayeso akaululika kalasi yonse imalemba kachiwiri, ndipo mphunzitsi wosalakwa amayamba kukayikiridwa. Ana auzidwenso mosapsatira kuti kulowa m'kompyuta kapena m'netiweki ya eni popanda chilolezo si masewera: lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limakuyesa mlandu. Tikawaphunzitsa kufooka kwa maloko, tiziyesera pa rauta yathu yokha, aphunzitsi aakulu atavomereza.

Chatsala ndi kabowo kakang'ono kuseri kwa rauta, kolembedwa Reset. Munthu akalowetsamo kawaya n'kukanikiza kwa masekondi pafupifupi 10, zonse zimene takonza zimafufutika, ndipo rauta imabwerera ku mawu olembedwa pa kapepala kaja. Kabowoka n'kothandiza tikaiwala mawu, koma kakutanthauzanso kuti aliyense wogwira rauta ndi manja ake wapambana maloko onse awiri. Choncho rauta ikhale m'chipinda chokhomedwa, pa shelefu yapamwamba kuti mafunde ayende bwino, osati m'kabati yachitsulo imene ana aona kale kuti imawatchinga.

Poyesa ngati phunziro lamveka, mphunzitsi asinthe mawu a Wi-Fi ana osadziwa, kenaka apemphe gulu limodzi kuti lipeze chifukwa chimene kompyuta yalekera kulumikizika. Ayenera kuzindikira kuti kompyuta ikusungabe mawu akale, asankhe Forget pa dzina la netiweki, alembe atsopano. Gulu lina lizime deta pa rauta, lachitatu lifotokoze chifukwa chake timizere tadzaza koma tsamba silikutseguka.

Nthawi yoyesera ntchito ikatha, wophunzira zauphunzitsi asachoke ndi makiyi a sukulu m'mutu mwake. Pa tsiku lomaliza akhale pansi ndi aphunzitsi aakulu ndi achiwiri awo, iwo eni asinthe mawu onse awiri ndi manja awo iye akuyang'ana kumbali, awalembe pa pepala, aliike mu envulopu yomata, ndi kuisunga pamodzi ndi mabuku a chuma cha sukulu. Pa chikuto cha envulopuyo alembepo tsiku, kuti mawu a Wi-Fi adzasinthidwenso poyamba teremu yotsatira, kapena mphunzitsi wina akasamutsidwa.