Mmene Mizu ya Paini Imakulira

Mawu oti tiphunzire

muzu: mu-zu
mbande: mba-nde
nazale: na-za-le
chubu: chu-bu
bowa: bo-wa

Tiwerenge

Amene anadutsapo ku Chikangawa, ku Dedza kapena pamwamba pa phiri la Zomba amaidziwa mitengo ya paini. Ndi yaitali, yowongoka, ndipo masamba ake ali ngati singano. Matabwa ake ndi amene timakhomera madenga, zitseko ndi mipando. Paini si mtengo wachilengedwe kuno kwathu. Mtundu umene unabzalidwa kwambiri, wotchedwa Pinus patula, kwawo ndi ku Mexico.

Munthu akabzala mbande ya paini, miyezi yoyamba amatha kudandaula kuti mtengo sukukula. Chonsecho ukukula ndithu, koma kunsi kwa nthaka.

Muzu ndiwo uyamba

Njere ya paini ikamwa madzi imafufuma n'kusweka. Choyamba kutuluka ndi muzu, tsinde limabwera pambuyo. Muzu woyambawu umaloza pansi kukafuna chinyezi. Kenako m'mbali mwake mumatuluka mizu ina, ndipo pa mizu imeneyo pamameranso timizu ting'onoting'ono.

Mizu yonseyi ili ndi ntchito zake. Muzu waukulu umagwira mtengo kuti usagwe ndi mphepo, ndiponso umapeza madzi akuya nthawi ya chilimwe. Timizu tating'ono ndi timene timayamwa madzi ndi chakudya. Tambiri timakhala m'dothi lapamwamba, pamene masamba amawolera.

Muzu umatalika kunsonga kokha. Nsongayo ndi yoyera, yanthete, ndipo imadzipanikiza m'timipata ta dothi. Dothi likakhala lofewa, imayenda msanga. Likakhala logogomezeka, monga podutsa ng'ombe kapena magalimoto onyamula matabwa, nsonga imalephera kuboola. Mizu imapumanso mpweya ngati ife. N'chifukwa chake paini sachita bwino m'dambo modikha madzi.

Bwenzi la paini

Mukapita m'nkhalango ya paini nthawi ya dzinja, fukulani masamba owola patsinde. Mudzaona timaulusi toyera, tonga ukonde wa kangaude. Timeneto ndi thupi la bowa. Bowa amene timamuona pamwamba uja ndi chipatso chabe, mwini wake ali pansi.

Bowayu amakuta nsonga za timizu ta paini monga sokosi ikutira phazi. Timizu totere timaoneka tonenepa, tafupi, tokhala ndi mphanda. Timaulusi ta bowayu timafika kutali, m'timipata momwe muzu sungalowe, n'kumatengera mtengo madzi ndi michere ya m'nthaka. Nawo mtengo umapatsa bowa shuga amene masamba amapanga dzuwa likawala. Dzanja limodzi limasambitsa linzake.

Paini wopanda bowayu amakhala wachikasu, wopinimbira, ndipo nthawi zambiri amafa. Ndiye chifukwa chake alangizi a zankhalango amati pothira dothi m'machubu tisakanizeko dothi lotapa pansi pa mitengo ikuluikulu ya paini. M'dothi limenelo muli bowa uja. Kumbukirani kuti si bowa aliyense wa m'nkhalango amene amadyedwa.

Ku nazale

Mbande ikamakula m'chubu, muzu waukulu umatulukira kunsi n'kulowa m'nthaka. Ukausiya, tsiku lonyamula udzaduka moipa ndipo mbande idzafota. Choncho pakapita milungu iwiri kapena itatu, nyamulani chubu chilichonse n'kudula muzu wotulukawo ndi mpeni wakuthwa, kenako thirirani. Muzu ukadulidwa chonchi, mbande imatulutsa timizu tambiri m'kati mwa chubu.

Mbande isakhalitsenso m'chubu. Ikakhalitsa, mizu imazungulirazungulira n'kudzimanga yokha.

Tsiku lobzala

Ku Malawi nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Koma wanzeru amabzala mvula ikangokhazikika, kuti mizu ikhale italowa pansi chilimwe chisanafike.

Kumbani dzenje lokwana masentimita 30 kuya kwake ndi 30 m'lifupi, kutalika kwa rula ya mwana wasukulu. Ng'ambani chubu mosamala, dothi la kumizu lisagumuke. Chubucho musachikwirire pamodzi ndi mbande. Mizu isakhale padzuwa, chifukwa timizu timauma m'kanthawi kochepa.

Onetsetsani kuti muzu waukulu waloza pansi. Ukapindika n'kuloza kumwamba ngati mbedza, sudzawongokanso. Mtengo wotere umatha kukula zaka zingapo, kenako n'kudzagwa ndi mphepo. Akuluakulu anati kuwongola mtengo n'poyamba. Pa paini, poyambapo ndi kumizu.

Mukakwirira, tsenderani dothi pang'ono ndi phazi kuti ligwirane ndi mizu. Palirani mozungulira mbande, popeza udzu umalanda madzi m'dothi lapamwamba lomwelo. Lambulani njira zotchinga moto mvula ikatha. Moto wolusa supsereza nthambi zokha. Umatenthanso masamba owola, timizu tapamwamba ndi bowa uja.

Tiyankhe mafunso

1. Kodi njere ya paini ikasweka, chimayamba kutuluka n'chiyani?
2. Kodi bowa amaupatsa chiyani mtengo, nanga mtengo umamupatsa chiyani bowa?
3. N'chifukwa chiyani timadula mizu yotulukira kunsi kwa chubu?
4. Chimachitika n'chiyani muzu waukulu ukapindika pobzala?

Tilembe

Malizitsani ziganizo izi:
Muzu umatalika ku ________.
Paini sachita bwino m'________.

Tiwerengere

Mayi wina ali ndi mizere 12. Mzere uliwonse akufuna kubzalamo mbande 25. Kodi akonze machubu angati?

Tikachite

Pitani ku nazale ya m'mudzi mwanu ndi anzanu awiri. Pemphani mbande imodzi, muviike dothi lake m'madzi mpaka mizu ionekere. Lozani muzu waukulu, timizu tating'ono ndi nsonga zamphanda. Mudzafotokozere kalasi zimene mwaona.