Tisanagule pepala la greenhouse, tiyambe tafunsana: adzathirira ndani?



Nkhani yomanga greenhouse pasukulu pano yakhala ikumveka m'makalasi ngakhalenso pakhomo la mzikiti tikatha Jumuah. Ganizoli ndi labwino. Koma ndalama zomwe zidzalowe m'ntchitoyi ndi za makolo ndi zopereka za Asilamu anzathu, ndipo chuma chotere ndi amanah, chinthu chosungitsidwa chomwe tidzafunsidwa nacho pamaso pa Allah. Choncho phunziro lathu ulendo uno ndi la momwe munthu woyamba kumene angayambire ulimi umenewu osamwaza chuma cha eni ake.

Greenhouse imathandiza chiyani?

Greenhouse ndi nyumba ya mbewu: denga la pepala la pulasitiki lolowetsa kuwala, m'mbali muli neti yotchinga tizilombo. Ku Ulaya amaimanga pothawa chisanu. Kwathu kuno mdani wamkulu wa matimati ndi mvula. Kuyambira Disembala mpaka Malichi masamba amakhala onyowa usana ndi usiku, chiwawu n'kulowa, madimba ambiri n'kumira. N'chifukwa chake mu Januwale ndi Febuluwale mulu wa matimati umachepa pamsika wa Namitete, pa Msundwe ngakhale ku Wakawaka mu mzinda wa Lilongwe, mtengo n'kukwera. Amene ali ndi denga pamwamba pa mbewu zake amakolola pa nthawi imene anzake alibe. Phindu la greenhouse lagona pamenepo.

Amene anapitako ku Lumbadzi, kufupi ndi bwalo la ndege la Kamuzu, anaona ma greenhouse akuluakulu a zitsulo. Amenewo asatiopseze. Ife tiyambe ndi kanyumba ka mamita 5 m'lifupi ndi mamita 10 m'litali.

Choyamba: madzi

Mvula ikatchingidwa kunja, dontho lililonse lofika pa muzu limadzera m'manja mwa munthu. Tiyeni tiwerengere limodzi. M'kanyumba kathu mungakhale mabedi awiri, bedi lililonse mizere iwiri ya mamita 9. Tikabzala motalikanitsa masentimita 45, mzere umodzi utenga mbewu 20, zonse pamodzi 80. Mbewu yaikulu yobereka imatha kumwa malita awiri pa tsiku nyengo yotentha. Amenewo ndi malita 160, kapena kuti ndowa 8 za malita 20, tsiku ndi tsiku, Lachisanu ndi tsiku la Eid lomwe. Ngati chitsime chathu chimaphwa mu Okutobala, kapena mjigo umakhala ndi mzere wa amayi kuyambira m'bandakucha, tiyambe takonza za madzi tisanagule msomali ndi umodzi womwe.

Njira yosunga madzi ndi kuika mgolo wa malita 200 pa nsanja yotalika mita imodzi kapena kuposerapo, n'kulumikiza mapaipi odontheza madzi pa tsinde la mbewu iliyonse. Masamba sanyowa, madzi satayika. Chisilamu chimaletsa israaf, kuononga, ngakhale pa madzi a wudhu. Madzi omwe amatsika pamalo opangira wudhu tingawakumbire ngalande kuti azithirira mitengo yotchinga mphepo kuzungulira greenhouse, bola asakumane ndi madzi a kuchimbudzi.

Chachiwiri: nthaka

Dera lathu ndi la fodya, ndipo apa pafunika kusamala. Fodya, matimati, mbatatesi, mabiringano ndi tsabola ndi mbewu za banja limodzi, matenda awo ndi amodzi. Malo omwe panali nazale ya fodya kapena dimba la matimati zaka zapitazi akhoza kukhala ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso totupitsa mizu, kapena matenda ofotetsa mbewu yonse masamba akadali obiriwira. Kumunda tikhoza kusintha malo chaka chamawa, koma nyumba yozikidwa sisamuka msanga. Tisankhe malo omwe sipanalimidwe mbewu zimenezi, okwera pang'ono kuti madzi a mvula asadikhe, ofika dzuwa tsiku lonse.

Tikalima mabedi, tithire manyowa owola bwino. Ndowe zaziwisi zimaotcha mizu. Kenako tinyowetse mabediwo n'kuwaphimba ndi pepala loonekera mkati kwa milungu inayi kapena isanu ndi umodzi mu Seputembala ndi Okutobala. Dzuwa la miyezi imeneyi limatenthetsa nthaka n'kuchepetsa tizilombo ndi njere za udzu. Kuyezetsa nthaka n'kwanzeru. Mlangizi wa zaulimi wa dera lino atiuze njira yotumizira dothi ku Chitedze, malo a kafukufuku wa zaulimi omwe timawadutsa pa msewu wa Mchinji popita ku tauni.

Chachitatu: nyumba yeniyeniyo

Luso lomanga tili nalo kale. Bambo amene amadziwa kuimika chigafa cha fodya akhoza kuimikanso greenhouse ya mitengo ya bulugama. Kumunsi kwa nsanamira tiwaule pamoto kapena tipake oilo wakutha poteteza ku chiswe, ndipo tizike mozama chifukwa mwera wa mu Juni ndi Julayi sunyengerera denga lofooka. Mitengo ya padenga tiipale bwino, mfundo yakuthwa imang'amba pepala.

Pepala lake lisakhale lomwe timafolera nalo nyumba za udzu. Limenelo dzuwa limalifumbutsa m'miyezi yochepa. Tifunse la greenhouse lenileni, lochindikala ma micron 200, lokonzedwa kuti lipirire dzuwa, lomwe limatha zaka zitatu kapena kuposerapo likasamalidwa.

Vuto lomwe oyamba ambiri saliganizira ndi kutentha. Nyumba yaifupi yokutidwa pepala mbali zonse imasanduka uvuni mu Okutobala ndi Novembala. Kutentha kukapitirira madigiri 35, maluwa a matimati amayoyoka osabereka. Zipupa zikhale zotalika mamita awiri ndi theka kapena kuposa, m'mbali monse mukhale neti, ndipo pamwamba pakhale mpata wotulukira mpweya wotentha, nawonso wotchingidwa ndi neti.

Chachinayi: mbewu ndi nthawi yake

Chaka choyamba tilime mbewu imodzi yokha kuti tiidziwe bwino. Pogula mbewu ya matimati tinene kuti tikufuna mtundu womwe umapitirira kukula ndi kubereka kwa miyezi ingapo, wokwezedwa pa chingwe. Mbande zimakhala ku nazale pafupifupi milungu inayi, ndipo tikaokera timayamba kuthyola patatha milungu 10 mpaka 12. Kuti tikolole mu Febuluwale, tifese mu Okutobala, tiokere mu Novembala.

Ntchito za mlungu ndi mlungu ndi izi: kukulunga tsinde pa chingwe, kuchotsa mphukira zomera m'khwapa mwa masamba, kudula masamba okalamba a m'munsi, ndi kugwedeza zingwe pang'ono chakum'mawa mame atauma. Kugwedezako n'kofunika chifukwa m'nyumbamo mulibe mphepo kapena njuchi zogwedeza maluwa kuti abereke. Chitseko chizikhala chotseka nthawi zonse. Kagulugufe ka Tuta absoluta, komwe mbozi zake zimaboola masamba ndi zipatso, kakalowa kamaswana msanga m'malo otsekedwa. Amene wangochoka kugwira fodya asambe m'manja ndi sopo asanakhudze mbewu, popeza matenda a fodya opiringiza masamba amayenda ndi manja.

Tikapopera mankhwala, tidikire masiku onse olembedwa pa botolo tisanathyole. Kugulitsa matimati opopera dzulo kwa mayi woti akaphikire ana ake ndi chinyengo, ndipo ndalama yake siingakhale ya halaal ngakhale mtengo utakwera chotani.

Chachisanu: munthu

Tsopano tionenso masiku aja. Tikaokera mu Novembala, mbewu zidzakhala zikuchita maluwa m'kati mwa Disembala, pomwe sukulu yatsekera ndipo ophunzira abalalika, ena ku Nsaru, ena ku Kabudula. Masiku awiri kapena atatu opanda madzi pa nthawi imeneyi akwanira kuyoyola maluwa ndi kudetsa zipatso kumunsi. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona, komanso ntchito ya aliyense imakhala yopanda mwini. Tikupempha komiti kuti, isanatulutse ndalama, ilembe maina: wothirira m'mawa tikatha swala ya Fajr ndi ndani, woyendera madzulo tikatha Asr ndi ndani, wosunga kiyi ndi buku pa tchuthi ndi ndani. M'bukumo muzilembedwa tsiku lofesa, lothira feteleza, lopopera, makilogalamu okolola ndi ndalama iliyonse yolowa kapena kutuluka, ndipo liziwerengedwa poyera pa msonkhano wa makolo.

Za ndalama tinenenso mosabisa. Ngongole ya katapira ndi riba, ndipo ntchito ya sukulu ya Chisilamu siingayambire pamenepo. Ngati thumba silikukwana, chaka chino timange kashedi ka nazale, ophunzira aphunzire kufesa ndi kusamala mbande, chaka chamawa tikweze denga lalikulu. Kutawakali kwa Allah kumabwera titachita mbali yathu.

Ntchito ya ophunzira

A Fomu 1 ndi 2, werengerani madzi ofunika pa mbewu 80 kwa masiku 30, ndipo mupeze kuti ndi migolo ingati ya malita 200. A Fomu 3 ndi 4, Loweruka lililonse lembani mtengo wa mulu wa matimati pamsika wapafupi ndi kwanu, ndi kuchuluka kwa matimati pa muluwo, mpaka teremu ithe. Funsaninso makolo anu zomwe zinkalimidwa pa malo ozungulira sukulu zaka zisanu zapitazi. Mayankho anu tidzawapereka ku komiti isanapange chiganizo, in shaa Allah.

Allah aike barakah m'manja mwa onse amene adzagwire ntchitoyi. Aameen.